Thobwa la m'Kalavani ya a Kachingwe

Lenifa atamva pa foni kuti firiji ya m'kalavani ya a Kachingwe yasiya kuzizira, anatseka cholankhulira ndi dzanja n'kuyamba waseka kaye. Sanafune kuti kusekako kumveke, poti amene ankaimba anali Mayi Kachingwe eni ake, a Anjimile, munthu wopanda chifukwa ndi wina aliyense. Kuseka kutatha anayankha mwaulemu kuti adutsa konko akaweruka kuchipatala.

Kwa amene simunaione, kalavaniyo inali nyumba yathunthu yoyenda pa matayala: bedi, kakhitchini, chimbudzi, zonse mommo. A Henderson Kachingwe anaigula mu 1983, malonda awo a magalimoto akale atayamba kuyenda bwino, ndipo chiigulireni sinapiteko kutali kuposa pothirira mafuta. Ntchito yake inali kuima kutsogolo kwa nyumba yawo ku Lanham, m'chigawo cha Maryland ku America, pamalo otsetserekera kumsewu, kuti Mmalawi aliyense wodutsa aone pamene munthu woopa Mulungu amafika. Mkati munali kapeti yofiira, ndipo kiyi wake sankachoka m'thumba la bambowo.

Komatu Lenifa sankadana nawo chifukwa cha kalavani. Nkhani yake inayambira pa firiji ina, ya m'nyumba mwake ku Greenbelt. Mwamuna wake, Fryson Kaliwo, anamwalira mwadzidzidzi n'kusiya tizitini ta mowa pashelefu yapansi. Lenifa chibadwire sanalawepo mowa, koma mtima wotaya tizitinito analibe. M'mawa uliwonse potenga mkaka ankationa, ndipo zinkangokhala ngati mwini wake watuluka pang'ono, abwera. Tsiku lina akulu a mpingo anabwera kudzapemphera naye, a Kachingwe n'kulowa kukhitchini okha, ati kukatenga madzi ozizira. Sanamufunse kanthu. Lamlungu lotsatira, m'chipinda chapansi cha tchalitchi cha azungu chimene Amalawi ndi Azambia ankabwereka masana, anaimirira n'kulengeza kuti mlongo wina wamasiye wapeza mtonthozi wa m'chitini. Bwalo la akulu linamuimitsa mgonero ndi kumuvula bulauzi yoyera ya gulu la amayi. Lenifa sanasiye kupita kutchalitchi, chifukwa ku America kuno kumeneko n'kumene kunali abale ake onse, koma chakukhosi anachisunga bwinobwino, ndipo sichinachepe ndi pang'ono pomwe.

Tsopano mwana wa a Kachingwe, Mable, anali ndi chinkhoswe Loweruka. Mnyamata wake anali Yotam, wa ku Chipata. Bambowo anali atalengeza kale m'tchalitchi kuti chinkhoswe chake chidzakhala chachikhristu komanso chakwathu, kopanda ngakhale dontho la mowa, koma thobwa lenileni limene ena anali asanalilawe chichokereni kumudzi. Thobwalo linaphikidwa kumayambiriro kwa sabata, n'kuthiridwa m'zigubu za mkaka. Firiji ya m'nyumba inali itadzaza kale nkhuku ndi nyama, choncho zigubu zinapita kukalavani. Umu munali mu Julaye, mwezi umene ku Malawi anthu amafunda mabulangete koma ku Maryland phula la mumsewu limamata ku nsapato. Ndipo aliyense woleredwa bwino amadziwa chimene thobwa limasanduka likagona masiku pamalo otentha.

Wokonza mafiriji atamuimbira, anati sabata imeneyo alibe mpata. Apa m'pamene a Anjimile anakumbukira kuti Lenifa, asanabwere kudzaphunzira kuno, anagwirapo unamwino pakachipatala ka kumudzi ku Ntchisi, komwe katemera ankasungidwa m'firiji ya palafini. Firiji ya m'kalavani ndi mtundu womwewo, yozizira ndi moto, kungoti iyo imayendera gasi.

Lenifa anafika Lachitatu dzuwa likadali lamphamvu. A Kachingwe anamulandira ndi manja awiri, ngati sipanachitikepo kanthu pakati pawo.

"Mayi Kaliwo, mwatithandiza kwambiri. Nsapato muvule kaye, chonde, kapetiyi ndi ya special."

Lenifa anavula. Ali pakhomo pa kalavani, bambowo anatsitsa mawu.

"Ndakhala ndikuganizira nkhani yanu ija. I think it's time. Mukatithandiza apa zinthu n'kuyenda bwino, ine ndilankhula ndi bwalo. Lamlungu lomwe lino mukhoza kubwerera pagome la Ambuye."

Mawuwa anamulasa pawiri. Kubwerera ankakufuna, tisanamizanepo. Ankakufuna moti Lamlungu lililonse la mgonero, mbale ikamamudutsa, ankayang'ana pansi kuti anthu asaone misozi. Bulauzi yake yoyera ankaichapabe ndi kuisita ngakhale sankaivala. Koma kumva kuti gome la Ambuye lafika posinthanitsidwa ndi firiji kunamupsetsa mtima. Anangoti, "Tione kaye chavuta n'chiyani, abambo."

Anatsegula firiji ija. Zigubu zinali ndandanda, zofunda ngati zangochoka padzuwa. Anatsegula chimodzi n'kulawa, ndipo thobwa linali likadali lotsekemera, la manja a munthu wodziwa kuphika. Kenako ananunkhiza m'makona monse. Firiji zotere zikabooka paipi zimatulutsa fungo loswa mphuno la amoniya ndipo zimasiya ufa wachikasu, apo ndiye kuti yafa basi, kaitayeni. Fungo kunalibe, ufa kunalibenso.

Anatuluka n'kukatsegula kachitseko ka panja, kuseri kwa firijiyo, kumene kumakhala moto. Gasi analimo. Lawi linalipo, koma lofooka, lachikasu, likungoyenda uku ndi uku. Anatseka gasi, n'kupempha hang'ala ya waya. A Kachingwe anathamanga okha kukaitenga m'nyumba, ndipo kuona mkulu wa mpingo akuthamanga pomutumikira kunamukomera Lenifa kuposa mmene ankayembekezera. Anawongola wayayo n'kuilowetsa m'kachumuni kotulukira utsi. Munagwa mwaye, ndiyeno zibuma za dothi. Mavu anali atamangamo nyumba yawo, mwina chaka chonse chimene kalavani inangokhala osagwira ntchito. Anapukuta pamene pamatulukira gasi, n'kuuzirapo, n'kuyatsa. Lawi linaima chilili, labuluu, lopanda utsi.

"Alleluya!" anatero a Kachingwe. "Ndinadziwa ine. Yatheka?"

"Kwatsala kamodzi."

Analowanso mkati, natenga sosala pakakhitchini paja, kuthiramo madzi, n'kuiika pansi m'firijimo. Ku Ntchisi ankachita zimenezi nthawi zonse akasuntha firiji posesa. Firiji yozizira ndi moto ilibe injini. Moto umawiritsa mankhwala a m'mapaipi, nthunzi imakwera, ikazizira imatsika yokha ndi kulemera kwake, n'kumazungulira choncho. Ikapendekeka, mankhwala amaima pamalo amodzi, ndipo ngakhale lawi likongole bwanji, mkati simuzizira. Mukaikakamiza masiku angapo, paipi imatsekeka mpaka kalekale.

Madzi a m'sosala anathamangira mbali imodzi mpaka kufuna kutayika. Kalavani yonse inali itaweramira kumsewu. Njira yothetsera vutoli inali yosavuta: kuichotsa pachionetsero paja n'kukaiimika kuseri kwa nyumba, pamalo athyathyathya pamene a Anjimile ankayanika zovala. Pofika m'mawa thobwa likanakhala litazizira, ndipo Lamlungu Lenifa akanavala bulauzi yake. Anatembenuka kuti anene zimenezo, pakamwa atatsegula kale.

A Kachingwe anali ataima kumbuyo kwake, manja m'chiuno, akuyang'ana zigubu zija mokhutira.

"Mwaona, Mayi Kaliwo? Izi ndiye zakumwa zoyenera kupezeka m'firiji ya Mkhristu. Kaya mukuti bwanji?"

Anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wakhululukira mnzake tchimo lalikulu. Lenifa anawayang'ana. M'maganizo anaona Fryson atakhala pampando wake madzulo, akutsegula kachitini kamodzi ataweruka, munthu amene sanakwezerepo mawu aliyense. Anatulutsa sosala ija, madzi n'kukhuthulira musinki, n'kuipukuta bwinobwino ndi kansalu.

"Zoona, abambo," anatero. "Tsono mumve. Firiji zamtundu uwu zimachedwa kugwira, ndipo mukamatsegulatsegula kuzizira konse kumathawa. Musaitsegule mpaka Loweruka. Ngakhale amayi asalowemo."

Sananame ngakhale liwu limodzi, ndipo zimenezi zinamusangalatsa. A Kachingwe anatseka mawindo onse a kalavani, kukhoma chitseko, kiyi n'kubwezera m'thumba. Ntchito yoletsa anthu kulowa malo inali ntchito imene ankaidziwa bwino.

Masiku otsatirawo Lenifa anasanduka munthu wokonda nkhani zanyengo. Ali m'galimoto popita kuntchito ankakweza wailesi, wolengeza akamadandaula kuti kutentha kwa sabata ino sikunaonekepo, iye n'kumagwedeza mutu ngati akumva uthenga wabwino. Mtambo ukadutsa ankauyang'ana ndi diso loipa. Ankawerengera mumtima mmene zinthu zikuyendera m'zigubu muja: lero layamba kuwawasa, mawa liyamba kuchita thovu. Lachisanu a Anjimile anaimba foni kuthokoza.

"Achemwali, Mulungu akudalitseni. Ine tulo sindimagona nalo thobwa limeneli."

Mawuwa anamukhudza Lenifa pang'ono. Koma anadziuza kuti kalavani ndi ya bambo, kiyi ndi wa bambo, kudzitama m'tchalitchi kunali kwa bambo, ndiye manyazi adzapita kwa mwini wake. Anasita chitenje chake chabwino kwambiri n'kuchipachika pachitseko.

Loweruka anthu anadzaza pabwalo la a Kachingwe, magalimoto mpaka kumsewu wachiwiri. Akuchimuna anabwera ambiri, Azambia a ku Wheaton ndi ena ochokera kutali, motsogozedwa ndi amalume ake a Yotam, a Foster, bambo wamimba yake, woseka ndi thupi lonse. Mwambo unayenda bwino. Yotam anamuzindikira Mable pakati pa atsikana ofundidwa zitenje, amayi n'kululutira mpaka azungu oyandikana nawo kusuzumira pamawindo. Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi, zootcha kale, poti zamoyo apolisi a ku Maryland sakanazimvetsa. Lenifa anakhala kutsogolo, pamene akanaona chilichonse.

Ndiye a Kachingwe anaimirira. Analankhula za makhalidwe, za ana a masiku ano, za mabanja amene atha chifukwa cha botolo. Anati pakhomo pawo, chikhalireni, sipanalowepo chakumwa choledzeretsa, ndipo sipadzalowa iwo ali moyo. Kenako anauza anthu kuti akonze makapu, natulutsa kiyi, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita kukalavani kuti aliyense aione bwino.

Anakhalitsamo. Potuluka nkhope inali itasintha, thukuta lili kamukamu, atanyamula chigubu chotupa ngati mimba ya mbuzi yodya nyemba. Munthu wanzeru akanabwerera nacho n'kunena kuti pepani, timwe zoziziritsa kukhosi za m'sitolo. Koma anthu anali atatukula kale makapu, ndipo a Kachingwe sanazolowere kubwerera m'mbuyo pagulu. Anapita kwa abusa, poti woyamba kulawa anayenera kukhala iwo, n'kupotokola chitsekerero.

Chinaphulika, phwaa! Chitsekerero chinauluka, thovu n'kukwera mpaka pajekete la abusa, pakolala, ndi pamagalasi pomwe. Fungo linafalikira pabwalo ponse, ndipo panalibe munthu wobadwira kwathu amene anafunika kuuzidwa kuti ndi fungo la chiyani. Nthawi yomweyo m'kalavani munamveka kuphulika kwina, kenako kwinanso, ndipo madzi oderako anayamba kutsika pamasitepe kuchokera pakapeti ija.

A Foster anadzuka, natchera kapu yawo kukamwa kwa chigubu, kumwa, n'kutseka maso.

"Ah, ba Kachingwe! Uyu ni moba, uyu! Wa zoona, osati vija va mu shopu. Mwenze kutibisila chabe, ka?"

Anthu anaphulika nako kuseka. Anyamata akuchimuna anathamangira kukalavani ndi makapu awo. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Abusa ankapukuta magalasi. A Kachingwe anangoti kakasi, chigubu chili m'manja, thovu likuyenderera pansapato. Lenifa anawayang'anitsitsa osaphethira, kuti pasamudutse kanthu. Zinamukoma. Zinamukoma kuposa chilichonse chimene analawapo chimwalirireni Fryson, ndipo sanachite nazo manyazi.

Koma munthu wozolowera kuloza ena chala sasowa womuloza. A Kachingwe anaponya chigubu pansi n'kutembenukira kumene kunakhala amayi.

"Anjimile! Wafulula chiyani m'nyumba mwanga iwe?"

Kuseka kunatha. Kutchula mkazi wako dzina pamaso pa akuchimuna, ndiponso ndi iwe, ngati ukuitana mwana! A Anjimile anaimirira.

"Abambo, ine ndinaphika thobwa. Munalawa nokha."

"Thobwa limaphulika? Abusa, ine zimenezi sindikuzidziwa. Ndakhala ndikumuona mayiyu, amacheza ndi anthu osalongosoka. Nkhaniyi ipite kubwalo, ndipo ine sindidzaikira kumbuyo munthu chifukwa choti ndi mkazi wanga."

Akulu ena a mpingo anayamba kugwedeza mitu movomereza. Lenifa anaona bwinobwino zimene zinkachitika. Bamboyo anali akupulumuka. Pofika mawa akanakhala munthu wolungama amene sanakondere ngakhale mkazi wake, ndipo nkhani ikanakhala ya a Anjimile. Lenifa akanangokhala chete, palibe amene akanamuganizira, poti lawi analikonza ndipo aliyense akanatha kukaliona likuyaka. Mwina Lamlungu lomwelo akanamubwezeradi pagome, kuti bamboyo aoneke wachifundo. Koma Lenifa sanadikire nthawi yonseyi kuti a Kachingwe atulukemo oyera. Anadzuka, n'kukonza chitenje chake.

"Bambo Kachingwe, asiyeni amayiwo. Thobwa lawo linali labwino, ndinalawa ndekha Lachitatu. Chalisandutsa mowa ndi kalavani yanuyi. Mwaiimika pamtsetse kuti anthu aziiona, ndipo firiji yake siingazizire itapendekeka. Ndinaona, ndipo ndikanakuuzani kuti muisunthe. Sindinanene dala."

"Dala?" anafunsa abusa.

"Dala, abusa. Ndimafuna bambowa amve mmene zimakhalira mowa ukapezeka m'firiji mwako iwe usanamwe, anthu n'kumakuweruza osakufunsa. Mowa uja munaupeza kwanga unali wa malemu amuna anga. Mukanandifunsa ndikanakuuzani. Lero mowa wapezeka m'firiji yanu, yokhoma ndi kiyi wanu, ndipo mwathira nokha abusa. Tsono kaitaneni bwalo lija, tione ngati likhale."

A Kachingwe anayang'ana kwa akulu anzawo, akuluwo n'kuyang'ana pansi. A Foster anati, "Mmm," kapu ili m'manja, ndipo liwu limenelo linamveka pabwalo ponse. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, Lenifa anaona bamboyo atachepa, atasanduka kamunthu konyowa nsapato pakati pa anthu amene sadzaiwala.

Anatembenukira kwa a Anjimile, akuyembekezera kaya chiyani, mwina diso lothokoza. Mayiwo anabwera pafupi, nalankhula motsitsa, moti anamva ndi okhawo amene anali pambali.

"Achemwali, mapira a chimera chimenechi ndinakagula kusitolo ya zakudya za mbalame, poti kwina kulikonse kunalibe. Ndinasankha kambewu kamodzikamodzi. Ndinameretsa m'bafa, ife n'kumasamba m'ndowa. Ndinasinja ndekha. Mwana ndili naye mmodzi yekhayu, ndipo chinkhoswe chake n'chomwechi, sikudzakhalanso china." Anapuma kaye. "Nthawi ija anakuimitsani, ndani ankabwera kwanu mobisa ndi ndiwo? Munali ndi mlandu ndi abambowa, chabwino. Nanga ine? Lachisanu lija ndinakuimbirani, munandiyankha kuti zikomo."

Kumbuyo kwa mayiwo Mable anali akulira paphewa la Yotam, akufunsa mobwerezabwereza, "Mom, why would she do that?"

"Tulukani pakhomo panga," anatero a Anjimile. "Chonde."

Lenifa anatenga kachikwama kake. Anthu anamupatukira njira, ndipo panalibe amene anamuyang'ana kumaso, ngakhale amayi amene ankaseka aja. Anatsika kamtsetse kaja, kulumpha kamtsinje ka thobwa kamene kankalowera mungalande, n'kukalowa m'galimoto yake yotentha ngati uvuni. Anakhala kaye osailiza, akudzifufuza mumtima. Za a Anjimile ndi Mable zinamuwawa kwambiri, moti misozi inatsika. Koma atakumbukira nkhope ya a Kachingwe, anapeza kuti chisoni palibe ngakhale pang'ono, ndipo akanapatsidwanso sosala ija akanakhuthulanso madziwo.

Analiza galimoto n'kulowera njira ya ku Greenbelt. Mawa lake linali Lamlungu, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku America analibe koti apite.